Katundu wamasiye anapita, chidani n'kutsala ndi ine

Amuna anga anamwalira mu Januwale 2021, mwezi uja Covid-19 inalusa mpaka kutenga nduna ziwiri za boma tsiku limodzi. Sanadwale nthawi yaitali. Maliro awo sanali monga tinazolowera: bokosi silinatsekulidwe, anthu anali owerengeka, ndipo amene anabwera ankaopa ngakhale kundigwira dzanja. Ndinatsala ndi ana atatu, wamkulu ali Fomu 3, chitsirizira ali Sitandade 2. Ndikulembera amayi ndi abambo amene akudutsa njira yomweyi, makamaka amene kutchalitchi sajomba koma mumtima muli munthu amene safuna kumva ndi dzina lake lomwe.

Tinkakhala nyumba ya lendi ku Chilomoni. Chuma chathu chinali minibasi imodzi yoyenda pakati pa Blantyre ndi Limbe, puloti ku Machinjiri pomwe nyumba inali itafika m'mawindo, ndi katundu wam'nyumba. Ine ntchito yanga ndi yosoka, ndipo makina osokera ndinagula ndekha ndi ndalama za banki m'khonde.

Mwambo wa maliro utatha kumudzi kwawo, achibale anandikhazika pansi. Mng'ono wawo wa malemu ndiye anayankhula, ndi mawu ofatsa bwino: "Alamu, minibasi ndi yovuta kwa munthu wamayi, makondakitala akuberani. Ndiziyang'anira ndine, inu muzingolandira ndalama Loweruka lililonse." Ndinawapatsa makiyi ndi bulu buku. Anapemphanso envulopu ya mapepala a puloti, ati akasunge pabwino, ndipo ndinapereka. Munthu amene akulira mutu sugwira ntchito, ndipo amene akupempha zinthu nthawi imeneyo amadziwa zimenezo. Ndikanadziwa, ndikanajambula pepala lililonse pafoni, enieniwo n'kusungitsa kwa munthu wakwathu, komanso ndikanapempha kuti katundu yense alembedwe ankhoswe a mbali zonse ali pomwepo. Kunena kuti "dikirani kaye ndilire" si mwano.

Ndalama zinabwera Maloweruka owerengeka, kenaka nkhani inakhala ya matayala, ya injini, ya apolisi apamsewu. Isitala isanafike anabwera ndi lole kunyumba. Anatenga firiji, TV, mipando, bedi, mpaka makina anga osokera, ati zonsezo ndi thukuta la achimwene. Nditafunsa kuti nanga ana adya chiyani, mlongo wawo anandiyankha ana akumva: "Ana awa si a mtundu wathu, ndi akwanu. Akawalere malume awo." Kwawoko amatsata chikamwini, ndiye kwa iwo ana ndi a kuchikazi, ndipo za mwamuna ndi za mbumba yake. Koma pachikamwini chenichenicho mwamuna ankapita kwa mkazi ndi khasu ndi mphasa, munda uli wa mkaziyo. Ife zathuzi tinazipezera m'tauni, tonse awiri, ine ndikusoka mayunifomu usiku kuti tigule simenti. Mwambo anangoutenga theka lowakomera. Chimene chinandipweteka kuposa firiji ndi chakuti apongozi anga, amene ndinawasamala m'nyumba mwanga atachitidwa opaleshoni ya maso, anakhala chete. Pambuyo pake ndinamva kuti kumudziko akuti amuna anga ndinawapha ndine kuti nditenge chuma.

Lendi inandikanika. Tinasamukira m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Mbayani, mwana wamkulu ndinamuchotsa kusukulu yolipira, ndipo ndinayamba kubwereka makina a mnzanga, kumasoka iye akaweruka.

Anthu akutchalitchi anandithandiza ndi ufa ndi sopo, sindingawaiwale. Koma malangizo ambiri anali amodzimodzi: "Ingozisiyani m'manja mwa Mulungu, mayi. Katundu ndi wapansi pompano." Ndinkavomera ndi mutu. Ndinkaganiza kuti Mkhristu weniweni sapita kukadandaula kuboma, ndiye sindinapite kulikonse. Pakamwa ndinkati ndazisiya, koma usiku ndinkawerenga katundu mmodzimmodzi mpaka tambala kulira. Ndikaona minibasi yathu pa siteji ya ku Ginnery Corner, yodzaza anthu, thupi lonse linkanjenjemera. Ndinayamba kusinthira njira kuti ndisakumane nayo, kenaka n'kumapezeka ndikuidikirira dala kuti ndione ngati ikuyendabe.

Pemphero la Ambuye linandivuta. Mpingo ukafika pa mawu akuti mutikhululukire mangawa athu monga ifenso takhululukira amangawa athu, ndinkatseka pakamwa mpaka adutse. Sabata ya Mgonero ndinkapeza chifukwa chosapitira. Baibulo ndinkawerenga, koma ndinkasankha masalimo onena za adani okhaokha, ndipo vesi iliyonse ndinkaikamo nkhope ya alamu anga. Kuchipatala anandipeza ndi BP, ndinayamba kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ine amene ndinali ndisanadwalepo matenda okhalitsa. Chidani chili ngati chikuni chofuka m'nyumba yotseka: amene akutuluka misozi ndi mwini nyumba, woyatsa uja ali kwawo akudya nsima.

Nthawi imeneyo mnzanga wina ananditengera kwa mneneri wina amene ankapempheretsa m'holo ya lendi. Anandiuza zimene ndinkafuna kumva: kuti adani anga agwa pasanathe mwezi, bola ndibzale mbewu ndi kugula madzi odzozedwa. Mapemphero ake anali obweza zoipa kwa mwini wake, ofuula mpaka mawu kusasa. Ndikaphatikiza zonse, kunapita ndalama zoposa K60,000, zina zangongole, nthawi imene ana ankagona ndi phala. Ndinkabwerako nditapsa mtima kuposa mmene ndapitira. Ngati malo amene mukupemphera akukupemphani ndalama kuti mdani wanu aone tsoka, tulukanimo. Amene ali ndi bala ndiye kasitomala wabwino wa anthu oterowo, ndipo alibe chifukwa chofunira kuti balalo lipole.

Chimene chinandidzidzimutsa chinachitikira m'nyumba mwanga momwe. Madzulo ena ndinauza mwana wanga wamkazi, yemwe anali ndi zaka 9, kuti atipempherere tisanagone. Anagwada bwinobwino n'kunena kuti, "Atate wakumwamba, minibasi ya adadi igubuduzike, bambo aang'ono afe." Abale ake anati ameni. Palibe amene anamuphunzitsa pemphero limenelo pomukhazika pansi. Anangomva zimene ndinkayankhula ndikamatsuka mbale, zimene ndinkauza alendo, zimene ndinkabwera nazo kwa mneneri kuja. Ndipo minibasi ikagubuduzika simugwa munthu mmodzi, mumakhala amayi opita kukaoda tomato, ana asukulu. Usiku umenewo ndinaona kuti alamu anga analanda ana anga mipando ndi sukulu, koma mtima wawo ndimawononga ndine.

M'mawa mwake ndinapita kwa mayi wina wachikulire wa Mvano, wamasiye kuyambira kalekale. Ndinawafotokozera zonse, za mneneri ndi za pemphero la mwana zomwe. Ndinkayembekezera kuti andiuza zomwe zija za kusiya m'manja mwa Mulungu. Iwo anangofunsa kuti, "Mwana wanga, kuboma unapitako?" Nditati ayi, anatsegula Luka 18, nkhani ya mkazi wamasiye amene ankavutitsa woweruza wosaopa Mulungu kuti amuweruzire mlandu wake. "Yesu sanamudzudzule mayi ameneyu," anatero. "Anamuika kukhala chitsanzo cha kupemphera. Puloti ndi ya ana, si yako yoti ungaikhululukire munthu. Kaifune. Koma chilango cha mlamu wako si ntchito yako, chimenecho chitule." Anandiwerengeranso Aroma 12:19, pamene Ambuye akuti kubwezera n'kwawo.

Apa ndi pamene ndinasokonekera nthawi yonse ija. Ndinkayesa kuti pali njira ziwiri zokha: kukhululuka n'kutaya zonse, kapena kumenyera katundu n'kukhala ndi udani. Poopa yachiwiri ndinanamizira yoyamba, mapeto ake katundu ndinalibe, mtendere ndinalibenso. Chimene ndinayenera kufuna ndi manja awiri ndinachisiya, chimene ndinayenera kutula ndinachikumbatira.

Mayi aja anandiperekeza okha ku Legal Aid Bureau, kumene amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba kuti dziko lino lili ndi lamulo la chuma chamasiye la 2011, lotchedwa Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act. Lamuloli limati munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, pamodzi ndi makolo ndi ena amene ankadalira malemuyo. Ziwiya zam'nyumba zimatsalira mkazi kapena mwamuna wotsalayo. Kulanda katundu wamasiye ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo. Palinso ofesi ya Administrator General ndi maofesi a ma DC amene amayendetsa nkhani zoterezi, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit komwe mungayambire ngati akukuopsezani. Pitani msanga, mutatenga chiphaso cha imfa, setifiketi ya ukwati ngati ilipo, chitupa chanu cha unzika, ndi chilichonse chosonyeza kuti katundu anali wa ndani, ngakhale malisiti a simenti. Ine ndinapita patadutsa chaka ndi miyezi, katundu wina atagulitsidwa kale.

Nkhaniyi sinayende msanga. Mapepala a puloti anali kwa alamu, ndiye ndinayenera kufunafuna amene anatigulitsa malowo ndi mboni zimene zinalipo. Alamu akaitanidwa, lero akudwala, mawa ali kumaliro. Ndalama zambiri zinathera m'maminibasi ndi m'mafotokope, ndipo tsiku lililonse lokadikira pabenchi linali tsiku losasoka. Panali nthawi zimene ndinkafuna kungozisiya.

Ntchito inayo, ya mumtima, inali yochedwa kuposa ya mapepala. Mayi aja anandiuza kuti ndiziwapempherera alamu anga powatchula dzina, monga Yesu ananenera pa Mateyu 5:44. Poyamba dzinalo linkakanirira pakhosi. Pemphero langa loyamba loona linali lakuti, "Ambuye, sindikufuna kuwakhululukira, ndipo Inu mukudziwa. Ndithandizeni kuti ndifune." Sindinamve kalikonse. Ndinalibwereza miyezi yambiri. Ndinaleka kufotokozera aliyense wobwera pakhomo nkhani ya lole ija, chifukwa ndinaona kuti ndikaifotokoza imakhala ngati yachitika dzulo. Ndinasankha anthu awiri okha oti ndiziwauza zikandivuta. Ana ndinawakhazika pansi n'kuwauza kuti zimene anachita bambo awo aang'ono n'zoipa, ndipo tikuzitsata mwalamulo, koma m'nyumba muno sitipemphereranso munthu imfa.

Ndinawerenganso nkhani ya Yosefe mwachifatse, ndipo ndinaona zimene ndinkazidumpha ku Sande sukulu. Abale ake atabwera ku Ejipito sanawakumbatire tsiku lomwelo. Anawayesa kaye, analira mobisa kangapo, ndipo ngakhale pa Genesis 50:20 sakunena kuti zimene munachita n'zazing'ono. Akuti munandipangira choipa, koma Mulungu anachipangira chabwino. Choipacho akuchitchula dzina lake. Zimenezi zinandimasula, chifukwa ndinkaopa kuti ndikakhululuka ndiye kuti ndavomera kuti sanalakwe, ndiponso kuti ndawagulitsa amuna anga.

Kunena zoona, panalinso mlandu wina umene sindinkafuna kuuvomera: ndinali nditakwiyira Mulungu. Chifukwa chiyani anatenga munthu amene ankatidyetsa n'kusiya olanda ali ndi thanzi? Abusa athu nditawauza zimenezi sanadabwe. Anandionetsa Salimo 13 ndi Salimo 73, mmene anthu a Mulungu akufunsa mafunso omwewo mosabisa mawu, ndipo anati dandaulo lopita kwa Mulungu ndi pemphero ndithu, loopsa ndi dandaulo lomubisira. Kuyambira pamenepo mapemphero anga anasiya kukhala aulemu wachiphamaso. Ena anali kulira kokhakokha. Chakumapeto kwa 2022 ndinabwerera ku Mgonero, osati chifukwa mtima unali utayera, koma chifukwa ndinazindikira kuti gomelo ndi la anthu ofuna thandizo.

Mayeso enieni anabwera mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche. Alamu anga ankakhala ku Chilobwe. Nditamva kuti nyumba yawo yapita ndi madzi, chinthu choyamba chimene chinabwera mumtima mwanga chinali chakuti, "Eya, Mulungu wayankha." Ndikulemba zimenezi kuti wina asadzione ngati chilombo zikamuchitikira: patatha miyezi yonse ija ndikupemphera, chimwemwe choipacho chinatulukabe. Anthu ena anandiimbira foni kundiuza zomwezo, kuti taonani Mulungu wa amasiye. Koma namondwe yemweyo anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, makanda, agogo, anthu amene sanalandepo ndi supuni yomwe ya munthu. Kodi onsewo anafera firiji yanga? Pa Luka 13 Yesu ananena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana kuti anali ochimwa kuposa anzawo. Ndinachita mantha ndi mtima wanga.

Amayi a Mvano anasonkhanitsa ufa, zovala ndi mabulangete kuti tikapereke kwa anthu amene anali m'misasa m'masukulu. Ndinkadziwa sukulu imene alamu anali, ndipo ndikanatha kupempha kuti andiike gulu lopita kwina. Ndinapita. Woyamba kundiona anali mwana wawo wamkazi, msinkhu umodzi ndi wanga uja, atavala malaya a munthu wamkulu, opanda nsapato. Anandithamangira akufuula kuti, "Mayi aakulu!" Iye za lole sankazidziwa. Akazi awo a alamu anagwira chitenje kumaso n'kuyamba kulira. Alamu eni ake anali atakhala pakhonde la kalasi, mwendo uli ndi bandeji. Ndinawapatsa moni, "Pepani alamu ndi zimene zakuonekeranizi." Anayankha kuti, "Zikomo alamu," maso ali pansi. Panalibe kukumbatirana, panalibe kupepesa. Ana awo awiri ndinawatenga, anakhala nafe ku Mbayani mpaka makolo awo atapeza pokhala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo awa anali magazi a amuna anga.

Si onse anasangalala nazo. Mchemwali wanga anandinena kuti ndine wopusa. Mwana wanga wamkulu anakhala masiku osandiyankhula, ndipo sindinamukakamize, chifukwa iye ndi amene anataya sukulu yake. Bala lake ndi lake, lili ndi nthawi yake. Ufa unkatha msanga, ndipo usiku wina ndikuphikira ana asanu nsima yosakwanira, mkwiyo uja unabweranso wonse. Ndinatuluka panja n'kubwereza pemphero lija lakuti ndithandizeni kuti ndifune. Petro atafunsa kuti akhululuke kangati, yankho la pa Mateyu 18 ndinkaliona ngati lonena za munthu wolakwa kambirimbiri. Kwa ine linakhala la cholakwa chimodzi chimene chimabwera m'mutu kambirimbiri.

Nkhani ya puloti sindinaisiye chifukwa cha namondwe. Ena ankati popeza ndawasungira ana ndiye kuti mlandu watha, ndinawauza kuti ayi. Mapepala anabwezedwa chaka chomwecho, pamaso pa ankhoswe ndi mboni, ndipo zinalembedwa. Minibasi sinabwerere. Inali itafa kalekale chifukwa chosasamalidwa, injini anagulitsa, chotsala chinali chigoba. Tinagwirizana kuti alamu azibweza ndalama pang'onopang'ono, koma mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndiye ndalama imene tinalemba ija inasanduka yochepa tisanailandire n'komwe. Ngati mukugwirizana zobweza, musalole kuti zitalike, ndipo ngati n'kotheka gwirizanani katundu, monga matumba a simenti kapena malata, osati chiwerengero cha ndalama chokha. Makina osokera anabwera, ataduka lamba ndi kuchita dzimbiri, ndinakonzetsa ndipo ndi omwe ndikusokera. Firiji ndi mipando zinapita ndi matope a ku Chilobwe.

Anandifotokozera kuti ndikhoza kuwatengera kupolisi pa mlandu wolanda katundu. Ndinasankha kusatero, poganizira ana awo ndi mmene zinthu zinalili nthawi imeneyo. Chimenecho chinali chisankho changa, si lamulo la Chikhristu. Mayi amene wasankha kukamang'ala sanachimwe, ndipo pamene pali kuopsezedwa kapena kumenyedwa ndingamuuze kuti apite lero lomwe. Komanso kukhululuka sikunandibwezere chikhulupiriro mwa alamu anga. Ndimawapatsa moni, ana awo amabwera kudzacheza patchuthi, koma sindingawasungitsenso pepala lililonse, ndipo sindiona tchimo pamenepo.

Apongozi anadwala chaka chathachi n'kuitanitsa adzukulu awo. Ndinawaperekeza kumudzi. Sanatchule za lole kapena za mphekesera zija, anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwandilerera ana, mayi." Kale ndikanafuna kuti anene zambiri, pamaso pa anthu onse amene anamva bodza lija. Ndinapeza kuti sindikuzidikiranso. Alamu mpaka lero sananenepo kuti pepani, ndipo ndalama amatumiza akafuna, mwezi wina pang'ono, miyezi ina zii. Mankhwala a BP ndikumwabe, ngakhale tulo ndimagona. Mwana wanga wamkulu anayamba kuyankha moni wa bambo ake aang'ono, koma kwawo sapitako.

Ine ndinalemba wilo yanga. Si chinthu cha anthu olemera okha: imalembedwa, mwini wake n'kusayina pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirapo kanthu, ndipo kope imodzi ndinasungitsa kwa munthu wodalirika kunja kwa banja. Abambo a mumlaga mwathu ndimawauza mosapsatira kuti alembe akadali ndi moyo, chifukwa amuna anga anali munthu wabwino, wokonda ana ake, koma analibe pepala lonena zimenezo. Nyumba ya ku Machinjiri yafika pa lintala tsopano. Za chiliza cha malemu tinakhala pansi mbali zonse ziwiri mwezi wathawu: iwo agula njerwa ndi mchenga, ine simenti ndi kulipira mmisiri, ndipo zimenezinso tinalemba papepala, aliyense n'kusayina.